Kumanga sola pakhomo kapena pashopu popanda kupha batire

Dandaulo lake ndi limodzi pafupifupi paliponse. Munthu wagulitsa soya, kapena wagawana ndalama za banki mkhonde kumapeto kwa chaka, wapita m'tauni n'kubwerako ndi panelo, batire ndi inveta, chipangizo chosandutsa moto wa batire kukhala wonga wa ESCOM. Mwezi woyamba nyumba ili ngwee, ana akuonera TV mpaka tulo. Ikatha miyezi isanu, inveta yayamba kulira nkhani za 8 koloko zisanathe. Chaka chisanakwane batire lija silikusunganso moto ngakhale wa babu limodzi, ndipo mwini wake akuti anamugulitsa feki.

Nthawi zina ndi fekidi. Koma mabatire ambiri amene ndawaona atafa anachoka m'sitolo ali abwinobwino. Anafa chifukwa tsiku ndi tsiku ankapereka moto wambiri kuposa umene panelo inkabwezera. Batire langa loyamba, la 200Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), linapita chomwechi. Ndinaligulira panelo imodzi ya 100W poganiza kuti chachikulu ndi kukula kwa batire, ndipo miyezi yonseyo silinadzazepo ndi tsiku limodzi lomwe. Sindikufuna kuti inunso mutaye ndalama mwanjira imeneyo, n'chifukwa chake ntchitoyi tiyiyamba ndi pensulo tisanapite kusitolo.

## Zofunika kukhala nazo

Zida zogwirira ntchito:
- kope ndi pensulo
- multimeter yoyeza magetsi a DC (a panelo ndi batire) ndi a AC (onga a ESCOM)
- masipanala a 10 ndi 13, pulayazi, sikuludiraiva, ndi chosendera mawaya
- chopanira malagi, timitu ta mkuwa tija tovekera kumapeto kwa waya
- makwerero olimba, ndi munthu wachiwiri wokugwirirani
- tepi ya magetsi, ndi thumba kapena katoni yophimbira panelo

Zipangizo zogula, mukamaliza kuwerengera:
- mapanelo ndi feremu yake ya zitsulo, pamodzi ndi mabawuti
- batire la sola
- kontirola, imene ena amati leguleta, yolamulira moto wochoka ku panelo kupita ku batire
- inveta
- waya wa sola wa 4mm² kapena 6mm², ndi zolumikizira za MC4
- mawaya okhuthala a batire, ofiira ndi akuda, ndi malagi ake
- mafyuzi kapena mabuleka a DC
- ndodo ya mkuwa yokhoma pansi ndi waya wake wa ethi, wotsitsira moto wosokera pansi

## Gawo 1: Werengerani moto umene mumadya pa tsiku

Tengani chipangizo chilichonse chimene mukufuna chiziyendera sola, muchitembenuze. Kumbuyo kapena pansi pake pamalembedwa mawati, ndi chilembo W. Ngati palembedwa V (mavoti) ndi A (ma ampu) basi, chulukitsani manambala awiriwo: chaja ya laputopu ya 19V ndi 3.4A imafika pa 65W. Kenako chulukitsani mawatiwo ndi maola amene chipangizocho chimayaka pa tsiku. Yankho lake limatchedwa Wh, ndipo nambala imeneyi ndiyo idzalamule chilichonse chimene mugule.

Titenge nyumba ya zipinda zitatu:
- mababu a LED asanu a 5W, maola 5: 125Wh
- TV ya 50W, maola 4: 200Wh
- dikoda ya 15W, maola 4: 60Wh
- mafoni anayi, 15Wh iliyonse: 60Wh
- laputopu yodya 50W, maola 3: 150Wh

Zonse pamodzi ndi 595Wh, tingoti 600Wh. Moto wina umatayikira m'mawaya, mu inveta ndi m'batire momwemo, choncho chulukitsani ndi 1.3. Tapeza 780Wh, tizungulize pa 800Wh. Lembani nambala yanu m'kope, muyidule mzere kunsi.

Chenjezo: musadzinamize pa maola. TV imene mukuti imayaka maola anayi, Loweruka la mpira imayaka kuyambira masana. Babu la panja la 10W loyaka usiku wonse limadya 120Wh, pafupifupi mofanana ndi mababu onse a m'nyumba.

Filiji muiganizire kawiri. Pa chikwangwani chake pamalembedwa moto wa chaka chonse mu kWh (1kWh ndi 1000Wh). Filiji ya 300kWh pa chaka imadya pafupifupi 820Wh pa tsiku, kutanthauza kuti yokhayo ikufuna sola yofanana ndi ya nyumba yonse ija. N'zotheka, koma ilowe m'masamu kuyambira pachiyambi, osati kudzaigula pa Khirisimasi n'kungoilumikiza.

Zotenthetsa zonse zichotseni pa mndandanda: simbi, ketulo, mbaula ya magetsi, chotenthetsera madzi osamba. Ketulo ya 2000W ikawira mphindi 6 yadya 200Wh, moto umene TV imayakira maola anayi. Pa sola yaing'ono, kuphika ndi kusita zisiyireni gasi, makala ndi nkhuni.

## Gawo 2: Pezani kukula kwa mapanelo

Dzuwa limakhalapo maola pafupifupi 12, koma panelo sigwira mofanana maola onsewo. M'mawa ndi madzulo imangodontheza. Mukaphatikiza zonse, tsiku labwino kuno limafanana ndi maola 5 kapena 6 a dzuwa lamphamvu. Ine ndimawerengera maola 4, chifukwa sola iyenera kukupulumutsani m'mitambo ya Januwale ndi Febuluwale, komanso m'chiperoni cha Juni ndi Julaye ngati muli ku Thyolo, Mulanje kapena Blantyre.

Gawani nambala yanu ija ndi 4. Pa chitsanzo chathu, 800 kugawa ndi 4 ndi 200W. Imeneyi ndi yongokwanira. Gulani 300W. Dzulo kukachita mitambo batire limagona ndi ngongole, ndiye lero panelo iyenera kudyetsa nyumba komanso kubweza ngongole ya dzulo ija. Panelo yongokwanira singathe ziwirizi, ndipo ngongoleyo ikamakula sabata ndi sabata batire limafooka osadzukanso.

Ngati ndalama zaperewera ndipo muyenera kusankha, chepetsani batire koma musachepetse mapanelo. Panelo yabwino imatha zaka 20 kapena kuposerapo osadandaula, ndipo ndi imene imasunga moyo wa batire.

## Gawo 3: Sankhani batire

Mabatire a sola alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Oyamba ndi a mtovu, kaya ndi othira madzi, a gel kapena a AGM. Amenewa musamawamwe kupitirira theka. Achiwiri ndi a lithium, olembedwa LiFePO4, amene mutha kuwamwa mpaka magawo 8 mwa 10 tsiku lililonse. Ndi odula pogula koma amakhalitsa kwambiri, ndipo ndi opepuka.

Masamu ake ndi awa. Gawani 800Wh ndi 12V, mupeza 67Ah. Ngati batire ndi la mtovu, chulukitsani ndi 2, ndiye 134Ah: gulani la 150Ah, kapena la 200Ah kuti mudutse tsiku la mitambo. Ngati ndi lithium, la 100Ah likwanira.

Nyumba yaing'ono ngati yathuyi ikhale pa 12V. Zipangizo zoyaka pamodzi zikapitirira 1000W pitani pa 24V, zikapitirira 3000W pitani pa 48V. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu yomweyo pa 12V imafuna ma A ochuluka kanayi kuposa pa 48V, ndipo ma A ochuluka amafuna mawaya okhuthala ngati chala, odula, ndi osachedwa kutentha polumikizira. Kuti mupeze 24V pa mabatire awiri a 12V, lumikizani + ya loyamba ku − ya lachiwiri, amene amisiri amati series. Mukalumikiza + ku + ndi − ku −, amene amati parallel, ma V amakhala omwewo koma ma Ah amaphatikizana.

Chenjezo: batire la galimoto si la sola. Linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako lidzazidwe nthawi yomweyo. Mukamalimwa usiku uliwonse silimaliza chaka.

## Gawo 4: Kontirola ndi inveta

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya theka la panelo yawo osadziwa. Makontirola alipo a PWM ndi a MPPT. Ya PWM ndi yotchipa, koma imakokera panelo pansi kuti ifanane ndi ma V a batire. Ndi yoyenera mapanelo ang'onoang'ono olembedwa Vmp (ma V amene panelo imapereka ikamagwira ntchito) ya 17V kapena 18V. Mapanelo akuluakulu a 300W amatulutsa kupitirira 30V pa ma A pafupifupi 9. Mukaika panelo yotere pa PWM ndi batire la 12V, mulandira 9A kuchulukitsa ndi 14V, ndiye pafupifupi 125W. Munalipira 300W. Ya MPPT imasandutsa ma V otsalawo kukhala ma A, ndipo pafupifupi mphamvu yonse imafika m'batire.

Kukula kwa MPPT: gawani mawati a mapanelo ndi ma V a batire. 300W kugawa ndi 12V ndi 25A, ndiye gulani ya 30A. Yang'ananinso malire a ma V amene kontirolayo imalola kuchokera ku mapanelo. Kumbuyo kwa panelo kuli nambala yolembedwa Voc, ma V amene imatulutsa isanalumikizidwe ku chilichonse. Mukalumikiza mapanelo mu series ma Voc amaphatikizana, ndipo m'mawa wozizira wa Juni amakwera pang'ono. Siyani mpata wa magawo awiri mwa 10 pansi pa malirewo. Kontirola yopyola malire imapsa nthawi yomweyo.

Inveta muiyeze ndi zipangizo zoyaka nthawi imodzi. Pa chitsanzo chathu TV, dikoda, laputopu ndi mababu zikukwana 140W, choncho ya 500W ndi yokwanira bwino. Gulani yolembedwa pure sine wave. Zotchipa zija za modified sine wave zimalizitsa mafani, zimatenthetsa mota ya filiji, ndipo zimawononga machaja ena.

Musakopeke ndi inveta yaikulu ya 3000W pa nyumba yotere. Inveta imadya moto ngakhale palibe chimene chayatsidwa. Yodya 15W pongokhala, ikayaka usana ndi usiku yamwa 360Wh, kuposa theka la chakudya cha nyumba yonse. Ngati mungathe, ikani mababu a 12V olumikiza pa kontirola, kuti inveta izizimitsidwa pogona.

## Gawo 5: Yesani katundu musanalipire

Pitani kusitolo ndi multimeter ndi tepi yoyezera. Panelo za masiku ano zimapereka pafupifupi 200W pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Panelo yeniyeni ya 100W imakhala pafupifupi mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi. Mukaona panelo ya msinkhu umenewo itamatidwa kapepala ka 300W, kapepalako n'kabodza.

Itulutseni padzuwa. Ikani multimeter pa DC, muigunditse pa mawaya awiri a panelo: nambala iyandikire Voc yolembedwa kumbuyo. Koma dziwani kuti ngakhale panelo yofooka imaonetsa ma V abwino. Choonadi chili pa ma A. Panelo ya 100W dzuwa lili paliwombo iyenera kupereka pakati pa 5A ndi 6A. Ma multimeter ambiri amalekeza pa 10A, choncho mapanelo akuluakulu musawayese motere pokhapokha muli ndi mita yopana waya.

Batire la mtovu linyamuleni. Mtovu ndi wolemera ndipo sunama. La 100Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 30, la 200Ah pafupifupi 60. Batire la 200Ah limene mwanyamula ndi dzanja limodzi mulisiye pomwepo. Liyezeninso: la mtovu latsopano likhale pa 12.5V kapena kuposa. Lotsika kuposa apo lakhalitsa pa shelefu. Pemphani lisiti yolembedwa nambala ya batirelo ndi nthawi ya galanti.

## Gawo 6: Khomani mapanelo

Malawi ali kummwera kwa equator, Karonga pa madigiri pafupifupi 10, Lilongwe 14, Nsanje 17. Choncho panelo iyang'ane kumpoto. Imani dzanja lamanja litaloza kotulukira dzuwa: kumene nkhope yanu yayang'ana ndiko kumpoto. Ipendekeni madigiri pafupifupi 15. Pa panelo yotalika mita imodzi, mbali ya kummwera ikwere masentimita 26 kuposa ya kumpoto. Musaigoneke chafulati, chifukwa fumbi ndi madzi zimakhazikika pamenepo. Musaiimikenso kwambiri, chifukwa cha mu Disembala dzuwa la masana limadutsa chakummwera pang'ono.

Musanaboole malata, khalani tsiku limodzi mukuyang'ana dengalo 9 koloko m'mawa, masana, ndi 3 koloko. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango, wa dishi ya TV kapena wa thanki ya madzi ukagwera pa kona ya panelo, mphamvu imatsika kwambiri kuposa kukula kwa mthunziwo, popeza timabokosi ta m'panelo tinalumikizana ngati unyolo. Kumbukiraninso kuti mu Juni mithunzi imatalika kulowera kummwera, ndiye mtengo umene uli kumpoto kwa nyumba ndi umene ungakuvuteni.

Siyani mpata wa masentimita 10 kapena kuposa pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa. Panelo ikatentha mphamvu imatsika, ndipo malata a mu Okutobala inu mukuwadziwa. Mabawuti alowe m'mitengo ya denga, osati m'malata okha. Mabowo muwatseke ndi silikoni. Chifukwa cha akuba, feremu ikhale yowotcherera kapena ya mabawuti omangira mkati mwa nyumba, koma musawotcherere pa panelo penipeni.

Chenjezo: musakwere padenga lonyowa ndi mame, ndipo musanyamule panelo kukuwomba mphepo. Imakoka ngati thanga la bwato.

## Gawo 7: Lumikizani mawaya motsatira ndondomeko

Batire likhale pamalo ozizira, podutsa mphepo, pa thabwa, kutali ndi ana ndi moto wa kukhitchini. Kutentha kumafupikitsa moyo wa batire la mtovu, ndiye a ku Chikwawa, Nsanje ndi Salima samalani kwambiri posankha chipinda. Batire lothira madzi limatulutsa mpweya woyaka likamadzaza, choncho lisakhale m'chipinda chogona kapena m'bokosi lotsekeratu. Kontirola ndi inveta zikhomedwe pakhoma pafupi, koma osati pamwamba penipeni pa batire lotere.

Vulani wotchi ndi mphete. Kulungani sipanala ndi tepi, kutsale kukamwa kokha. Sipanala ikagunda mitu iwiri ya batire imafiira ngati khala m'kanthawi kochepa.

1. Dulani mawaya, muwaveke malagi, muwapane zolimba. Pa chitsanzo chathu, waya wa kontirola kupita ku batire akhale 10mm² ndi fyuzi ya 40A. Wa inveta ya 500W akhale 16mm², osapitirira mita imodzi ndi theka, ndi fyuzi ya 60A. Fyuzi iliyonse ikhale pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi mutu wa + wa batire.
2. Lumikizani batire ku kontirola poyamba. Kontirola iyake, izindikire ngati muli pa 12V kapena 24V. Mukayamba ndi panelo, makontirola ambiri amasokonezeka kapena kupsa.
3. Uzani kontirola mtundu wa batire lanu. Ambiri amadumpha apa. Batire la gel kapena la lithium likamadzazidwa ngati lothira madzi limawonongeka. Tsatirani manambala a pa pepala la batirelo.
4. Phimbani panelo ndi thumba, mutsitse mawaya ake kudzera pa buleka ya DC yozimitsa. Vundukulani, muyeze ndi multimeter. Nambala ikabwera ndi kamzere ka − kutsogolo, mawaya mwawatembenuza. Konzani, mulumikize ku kontirola, kenako muyatse buleka.
5. Lumikizani inveta ku batire mwachindunji kudzera pa fyuzi yake, ili yozimitsa. Kamoto kakang'ono kothetheka pogunditsa waya womaliza n'kachizolowezi. Musalumikize inveta pa timabowo ta kontirola tojambulidwa babu: tinapangidwira mababu a 12V basi.
6. Khomani ndodo ya mkuwa pansi, pamalo osauma kwambiri, mulumikizeko feremu ya mapanelo ndi thupi la inveta. Nthawi ya mvula ya ziphaliwali mudzaona ubwino wake.

Pomasula, bwererani chambuyo: panelo iyambe kuchoka, batire limalize.

Chenjezo lalikulu: moto wotuluka mu inveta ndi 230V, wofanana ndi wa ESCOM, ndipo umapha. Kulowetsa motowu m'mawaya a nyumba yonse ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA. Ngati nyumbayo ili kale ndi magetsi a ESCOM, payenera kukhala swichi yosinthira, ya changeover. Musayerekeze kupanga waya wa mapulagi awiri wolowetsa inveta pa soketi ya pakhoma. Motowo umabwerera ku mapolo n'kukagwira munthu amene akukonza mawaya kunja, ndipo magetsi akabwera inveta imaphulika.

## Gawo 8: Phunzirani kuwerenga batire lanu

Masiku awiri oyamba musayatse kanthu kupatula mababu, batire lidzaze bwinobwino. Kenako zolowerani kuyang'ana kontirola kawiri pa tsiku.

Masana, cha m'ma 1 kapena 2 koloko, batire la mtovu likhale litafika pa 14.4V n'kutsikira pa 13.6V kapena 13.8V, pamene kontirola imalemba kuti float. Chimenechi ndicho chizindikiro choti ladzaza. Pakatha masiku atatu a dzuwa osafika pamenepo, mukudya kuposa zimene mukukolola. Chepetsani zoyatsa kapena onjezerani panelo, musadikire.

M'mawa dzuwa lisanatuluke, zonse zitazimitsidwa, yezaninso. 12.7V ndi lodzaza, 12.2V ndi theka, pansi pa 12.0V mwalipweteka. Ma inveta ambiri otchipa amalira ndi kuzima pa 10.5V, batire litatheratu. Choncho kulira kwa inveta musakutenge ngati belu la nthawi yogona. Kukamveka, mwachedwa kale. Batire la lithium silionetsa bwino ndi ma V, yang'anani maperesenti pa kagalasi kake kapena pa foni.

## Ngati ndi pashopu

Shopu ili ndi mwayi umene nyumba ilibe: ntchito imagwiridwa dzuwa likuswa mtengo. Moto umachoka pa panelo kupita ku makina osagona m'batire, choncho ndalama zambiri ziikeni pa mapanelo ndi inveta yolimba.

Ometa, osoka ndi otchaja mafoni savutika. Makina ometera amadya pansi pa 20W, mota ya makina osokera pafupifupi 100W. Sola ngati ya chitsanzo chathu imawayendetsa tsiku lonse. Vuto la telala ndi simbi, ndipo ya makala ija ikhalebe pafupi. Okonza mafoni ayang'ane makina opemerera mpweya wotentha, amene ena amafika 700W.

Akalipentala ndi owotcherera nkhani yawo ndi ina. Chilichonse chokhala ndi mota chimakoka moto wochuluka katatu kapena kupitirira poyamba kuzungulira. Grinder ya 800W imafuna inveta ya 2000W kapena kuposa, pa 24V. Makina owotcherera ang'onoang'ono a masiku ano, pa ndodo ya 2.5mm, amakoka pakati pa 2500W ndi 3000W, ndiye pamafunika inveta ya 5kVA pa 48V, batire la lithium lotha kupereka ma A ochuluka chomwecho, ndi mapanelo a 2000W kupita m'mwamba. Makina akale olemera aja okulunga mawaya musawaike pa inveta. Chigayo ndi ntchito ya akatswiri, sichilowa m'malangizo ano.

Konzani tsiku motsatira dzuwa. M'mawa yezani, lembani, konzani zitsulo. Kudula, kupala ndi kuwotcherera kukhale pakati pa 10 koloko ndi 3 koloko. Makina aakulu aziyatsidwa amodziamodzi.

## Nanga mphepo?

Ambiri timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene ali mnyamata anapanga makina a mphepo ndi dainamo ya njinga n'kuyatsa mababu kwawo. Mphepo imaperekadi magetsi. Koma musanagule makina a m'sitolo, mvetsani chinthu chimodzi: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 8, ndipo likatsika mphamvu imagwa chimodzimodzi. Makina olembedwa 400W nthawi zambiri amapereka zimenezo pa mphepo ya mamita 12 pa sekondi, yogwedeza nthambi zikuluzikulu. Pa kamphepo ka mamita 4 pa sekondi amapereka pafupifupi 15W. Mapiko azizungulira ndithu, anthu odutsa aziima kuyang'ana, koma m'batire simukulowa kanthu.

Maganizo anga ndi akuti m'malo ambiri ndalama ya makina a mphepo ndi bwino kugulira mapanelo ena. Amene angapindule ndi a m'mphepete mwa nyanja kumene mwera umawomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, ndi a pa zitunda zopanda mitengo. Kumeneko mphepo imathandiza usiku komanso nyengo imene dzuwa lafooka. Ngati muli malo otere:

1. Yezani mphepo kwa miyezi ingapo ndi kachipangizo koyezera liwiro lake. Ngati nthawi zambiri sifika mamita 5 pa sekondi, lekani.
2. Imikani mlongoti pamtetete, makinawo akhale mamita 9 pamwamba pa mitengo ndi nyumba zoyandikira. Padenga ayi: mphepo ya pamenepo ndi yozungulirazungulira, ndipo kunjenjemera kumang'amba khoma.
3. Mangani mlongotiwo ndi zingwe za chitsulo mbali zinayi, ndipo muukhomere ndodo yakeyake ya ethi.
4. Gulani kontirola ya mphepo yokhala ndi chotayira moto, chimene amati dump load. Panelo mutha kuidula batire likadzaza, osachitika kanthu. Makina a mphepo mukawadula amathamanga mopanda malire mpaka mapiko kuthothoka.
5. Ikani swichi ya buleki yoimitsira mapiko kukamabwera mkuntho.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuphatikiza batire latsopano ndi lakale. Lakalelo limakokera latsopano pansi mpaka onse afanane kufooka. Mabatire ogwira ntchito limodzi akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi, ogulidwa nthawi imodzi.

Kutapa 12V pa batire limodzi la gulu la 24V. Anthu amachita izi pofuna kuliza wailesi. Batire limenelo limatsalira, linzake limapsa ndi kudzazidwa mopyola, ndipo onse awiri amafa.

Kulambalala kontirola. Wina akaona kuti batire silikudzaza amalumikiza panelo mwachindunji. Batire limawira, limatupa m'mbali, m'chipinda mumamveka fungo la mazira owola. Mukamva fungo limenelo zimitsani buleka ya mapanelo, tsegulani mawindo, musayatse machesi.

Kuthira asidi kapena madzi a pachitsime. Batire lothira madzi limafuna madzi a batire okha, ogula m'botolo. Yang'anani mwezi uliwonse, madziwo aphimbe timapuleti ta mkati. La gel, la AGM ndi la lithium salitsegula.

Mawaya opyapyala ndi zopanira za mano. Makina akamagwira ntchito, gwirani waya wa batire ndi polumikizira pake. Pakatentha, waya ndi wochepa kapena bawuti yamasuka. Nyumba zimapsera pamenepa. Unga woyera kapena wobiriwira ukamera pa mitu ya batire, masulani, tsukani ndi madzi osakaniza soda, pukutani, mangani, mupake girisi pang'ono.

Buleka ya AC pa mawaya a DC. Moto wa DC suduka msanga, umapitiriza kuthetheka mkati mwa buleka mpaka kuisungunula. Yang'anani kuti palembedwa DC ndi ma V okwanira mapanelo anu.

Kuiwala kutsuka mapanelo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi ndi utsi wa moto wa tchire zimaphimba galasi. Tsukani sabata ziwiri zilizonse, m'mawa galasi lisanatenthe, ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa. Madzi ozizira pa galasi lotentha atha kuliswa. Zitosi za mbalame zichotseni tsiku lomwelo.

Kusiya batire lopanda moto. Batire la mtovu likakhala sabata zingapo lili lotheratu, timapuleti take timauma ndi zoyera zimene sizisungunukanso. Mukamachoka pakhomo nthawi yaitali zimitsani inveta, koma panelo ndi kontirola muzisiye zikugwira ntchito. Mukabwereketsa batire ku ukwati kapena ku maliro, likangobwera lilumikizeni tsiku lomwelo, ndipo musayatse TV mpaka kontirola italembanso float.